CHIFUKWA CHACHE CHITHUNZI CHOKOMA PA FONI CHIMAIPA PA PEPALA

Akulu akale anati, "Chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Mwambi umenewu ndinaumva ndikali mwana, koma sindinaganize kuti tsiku lina udzandipeza pa nkhani ya chithunzi. Tsono popeza Akonzi a magazini ano amabweza zithunzi zambiri zimene ife timawapatsa, ndipo ena a ife timachoka tikung'ung'udza kuti pali tsankho, ndaganiza kuti ndikuuzeni zimene zinaoneka kwathu, pamodzi ndi zimene ndinaphunzira pambuyo pache.

ZIMENE ZINAONEKA KWATHU

Chaka chatha, nyengo ya manachesi iri kutha, abale athu anapangana zomanga chiliza cha agogo anga amuna kuno ku Thambani. Agogo akazi anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti pa tsikulo pakhale chithunzi chachikulu cha malemuwo, choti anthu achione, ndipo pambuyo pache chipachikidwe m'nyumba. Ife kuno tinalibe chithunzi chao pa foni iri yonse, koma amalume amene amagwira nchito ku Johannesburg anati ali nacho. Iwo anachipeza m'chithunzi cha ukwati wina, m'mene agogowo anaimirira kumbuyo kwa khamu la anthu. Anadula mutu ndi mapewa okha, natitumizira pa WhatsApp. Pa foni chinaoneka bwino ndithu, ndipo agogo akazi atachiona anati, "Ndi iwowa."

Ine ndinatumidwa ku boma ku Mwanza pa njinga yamoto, ndi ndalama za madengu awiri a manachesi. Bambo a pa sitolo yotsukira zithunzi anachiika pa kompyuta yao, nati, "Mwana wanga, ichi nchaching'ono, sichituluka bwino pa pepala la A3." Ine ndinawaonetsa foni, ndi kunena kuti, "Bambo, taonani kuwala kwache." Iwo sanafune kulimbana nane, ndipo anachisindikiza monga ndinapempha.

Chimene chinatuluka m'makinamo chinali chomvetsa chisoni. Nkhope inali timabokosi tokha-tokha ngati khoma la njerwa, maso anali mabanga awiri akuda, ndipo ndebvu zinasakanikirana ndi kolala ya jekete. Nditafika nacho kumudzi, agogo anachiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mdzukulu wanga, munthu uyu sindimdziwa." Kunali kutatsala sabata imodzi kuti tsiku la chiliza likwane, ndipo ndalama zinali zitapita. Lolemba lache ndinapita kwa aphunzitsi athu a Sayansi kukafunsa chimene chinalakwika, pakuti safunsa anadya phula.

CHITHUNZI NDI TIMADONTHO

Chinthu choyamba chimene tiyenera kudziwa nchakuti chithunzi cha pa foni kapena pa kompyuta si chinthu chimodzi chosalala monga diso limatiuzira iai. Chinapangidwa ndi timadontho tating'ono ta ngodya zinai, tondandalikidwa m'mizere, monga amai amalukira mikanda ya mitundu-mitundu mpaka pataoneka duwa. Kadontho kamodzi Angerezi amakatcha pixel. Kali konse kali ndi mtundu umodzi wokha, ndipo makina amasunga mtunduwo ndi manambala atatu, osonyeza kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu, nambala iri yonse kuyambira 0 kufikira 255. Mwa njira imeneyi pamatuluka mitundu yoposa 16 miliyoni.

Kuchuluka kwa timadontho timeneti ndiko kumene m'mabuku a Chingerezi kumatchedwa resolution. Mukaona pa foni palembedwa 4000 x 3000, ndiye kuti m'litali muli timadontho 4,000 ndipo m'lifupi muli 3,000. Mukachulukitsa mupeza 12,000,000. Miliyoni imodzi ya timadontho ndiyo megapixel imodzi, chotero kamera imeneyo imatchedwa ya 12 MP.

Nzeru imeneyi si yakale kwambiri. M'chaka cha 1957, Russell Kirsch wa ku America analowetsa m'kompyuta chithunzi cha mwana wache wakhanda, ndipo chinali ndi timadontho 176 x 176 tokha. M'chaka cha 1975, Steven Sasson wa kampani ya Kodak anapanga kamera yoyamba yonyamulika yosalira filimu. Inali yolemera makilogalamu 3.6, chithunzi chache chinali cha timadontho 100 x 100, ndipo pamapita masekondi 23 kuti chilembedwe pa kaseti. Lero foni ya 12 MP imene ena a inu muli nayo kunyumba imatola timadontho tochuluka ka 1,200 kuposa kamera ya Sasson.

Koma mfundo yaikulu, imene ine sindinaidziwe, ndi iyi: chiwerengero cha timadontho chimakhazikika pa nthawi imene chithunzi chikujambulidwa. Pambuyo pache tikhoza kuchepetsa, koma sitingabwezere timene tatayika. Madzi akatayika saoleka.

CHIFUKWA CHACHE FONI IMATINAMIZA

Sikirini ya foni nayonso iri ndi timadontho tache towala. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi 720 x 1600, kumene kuli kupitirira pang'ono miliyoni imodzi. Wailesi yakanema imene imatchedwa Full HD iri ndi 1920 x 1080, ndiko kunena mamiliyoni awiri ndi pang'ono. Chotero chithunzi cha mamiliyoni 12 sichingaoneke chonse pa foni nthawi imodzi. Foni imachifinya kuti chikwane, ndipo pa chifukwa chimenechi chithunzi chachikulu ndi chaching'ono zimaoneka ngati zofanana pamenepo.

Chinanso, sikirini ya foni njaing'ono ngati chikhato, ndipo timadontho tache ntothithikana, pafupi-fupi 270 pa inchi imodzi pa foni ya mtundu ndatchulawo. Chithunzi chosauka chikaikidwa pa malo ochepa chotere, zilema zache zimabisala. Ndiponso sikirini imawala yokha, pamene pepala limayembekezera kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyali, chotero mitundu pa foni imaoneka yamoyo koposa.

Chithunzi cha agogo anga, aphunzitsi atachiyesa, chinali ndi timadontho 240 x 320 tokha. Pa foni chinali kuoneka chaching'ono pakati pa mauthenga, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zochitambasula ndi zala kuti aone za m'kati mwache.

MASAMU A PA PEPALA

Pa pepala nkhani imasintha, chifukwa ife ndife amene timasankha kukula kwa pepalalo, ndipo timadontho timene tiripo tiyenera kutambasuka kuti tidzaze malo onsewo. Taganizani za mlimi amene ali ndi mbeu ya chimanga ndowa imodzi. Akaibzala pa munda woyenera, chimanga chimadzaza bwino. Akaumirira kuibzala pa munda waukulu kakhumi, mapando amatalikirana, ndipo wodutsa pa njira amaona dothi lokha-lokha. Mbeu ndi yomweyo, chimene chasintha ndi munda.

Osindikiza amayesa kuthithikana kumeneku powerenga timadontho pa inchi imodzi, ndipo amalemba mwachidule kuti ppi, ngakhale ambiri amangoti dpi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Pa chithunzi chogwira m'manja, monga cha m'buku kapena m'magazini, muyeso wabwino ndi 300 pa inchi. Nambala imeneyi siinangosankhidwa wamba, imagwirizana ndi m'mene diso la munthu limaonera. Diso labwino, likamayang'ana chinthu pa mtunda wa masentimita 30, monga timachitira powerenga, limatha kusiyanitsa timadontho totalikirana pafupi-fupi gawo limodzi la magawo khumi a milimita. Tikaika 300 pa inchi, timadonthoto timachepa kufikira pamene diso limalephera kutiona patokha-patokha, ndipo chithunzi chimaoneka chosalala.

Tsono lamulo lache nlapafupi, ndipo wa Fomu 1 ali yense akhoza kuliwerengera: gawani timadontho ndi 300, ndipo yankho lache ndi mainchi. Chithunzi cha 4000 x 3000 chimapereka mainchi 13.3 m'litali ndi 10 m'lifupi, kapena masentimita 34 ndi 25. Mukafuna kuyambira ku pepala, chulukitsani mainchi ndi 300. Chithunzi cha mainchi 6 x 4, chimene ojambula amabweretsa pa ukwati, chimafuna 1800 x 1200. Tsamba lathunthu la A4, limene liri mamilimita 210 x 297, limafuna 2480 x 3508, ndiko kunena mamiliyoni 8.7. Kachithunzi ka pa chitupa, ka mamilimita 35 x 45, kamafuna 413 x 531 basi.

Tiyeni tibwerere kwa agogo. Timadontho 240 x 320 tikagawa ndi 300 tipeza chithunzi cha masentimita 2 x 2.7, chonga sitampa ya pa kalata. Ine ndinachitambasulira pa A3, pepala lotalika mainchi 16.5. Gawani 320 ndi 16.5, mupeza timadontho 19 pa inchi, kali konse kokulirapo kuposa milimita imodzi. Amenewo ndiwo mabokosi amene agogo akazi anaona. Makina sanalakwe, ndipo bambo a pa sitolo aja ananena zoona.

MTUNDA UMATHANDIZA

Wina angafunse kuti, "Nanga zikwangwani zazikulu za m'mbali mwa mseu wopita ku Blantyre zimaoneka bwanji zosalala? Kodi pali kamera yokhala ndi timadontho tokwanira 300 pa inchi pa chinthu chachikulu ngati nyumba?" Yankho liri pafupi nafe. Mukayang'ana nkhalango ya Thambani muli patali, phiri limaoneka ngati lapfundidwa nsaru imodzi yobiriwira. Mukafika pafupi mumaona mtengo uli wonse pa wokha, ndi mipata pakati pache. Chomwechonso ndi timadontho. Mtunda ukachuluka kakhumi, timadontho tofunika timachepa kakhumi. Chinthu choonera pa mamita atatu chikhoza kukwanira ndi 30 pa inchi, ndipo chikwangwani cha pa mseu chimafuna tochepa kuposa pamenepo. Chithunzi chopachika pa khoma chimaoneka bwino ndi 150. Nyuzipepala nazonso sizifuna 300, popeza pepala lao limamwa inki. Chotero musanasindikize dzifunseni mafunso awiri: chidzakula bwanji, ndipo wochiona adzaima pati?

KUMENE TIMADONTHO TIMATAYIKIRA

Ambiri a ife tiri ndi kamera zokwanira ndithu, koma timadontho timataya tokha pa njira. Malo oyamba ndi potumiza. WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye ndalama zambiri za intaneti, ndipo pa katumizidwe ka masiku onse mbali yaitali kawiri-kawiri siipitirira timadontho 1,600. Chithunzi cha 4000 x 3000 chimafika chiri 1600 x 1200. Pa timadontho tisanu ndi kamodzi tiri tonse, tisanu tatsala m'njira. Chimene chafikacho chimakwanira mainchi asanu ndi pang'ono, koma pa tsamba lathunthu la A4 chimapereka 137 pa inchi, osafika ndi theka lomwe la muyeso uja. Kuyambira m'chaka cha 2023 pali batani lolembedwa HD limene limasunga tochulukirapo, koma njira yotsimikizika ndiyo kutumiza chithunzi monga Document, pakuti pamenepo chimapita chathunthu. Facebook nayonso imafinya zithunzi zimene anthu amaikapo.

Malo achiwiri ndi podula. Mukadula munthu mmodzi m'khamu, mumatenga timadontho ta munthu yekhayo, ndipo tonse totsala mwataya. Kukokera chinthu pafupi ndi zala pojambula, pa mafoni ambiri, ndi kudula komweko. Chotero nkwabwino kuyenda ndi miyendo kufika pafupi.

Malo achitatu ndi kujambula sikirini, kumene anzathu amati screenshot. Pamenepo simutenga chithunzi cheni-cheni iai, mumangotenga timadontho ta sikirini ya foni yanu.

Palinso china. Zithunzi zambiri zimasungidwa mwa njira yotchedwa JPEG, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1992. Chithunzi cha 12 MP chosafinyidwa chikadadya malo okwana 36 MB, koma JPEG imataya zina zimene diso silizindikira msanga, ndipo chimatsika kufika pa ma MB owerengeka. Kuchita chotere kamodzi sikuononga kanthu koonekera. Koma chithunzi chikamadulidwa, kusungidwa ndi kufinyidwanso kachiwiri ndi kachitatu, chimafanana ndi notsi zimene zakopedwa kuchokera kwa mnzako amene nayenso anakopera kwa wina.

ZINYENGO ZITATU

Choyamba nchakuti tikhoza kukuza chithunzi pa kompyuta. Inde, kompyuta ikhoza kuonjezera timadontho, koma imangoyerekeza mitundu yache poyang'ana toyandikana nato. Kuli ngati kuthira madzi mu ndiwo alendo akachuluka: mphika umadzaza, koma nyama siichuluka. Masiku ano kuli mapulogalamu a AI amene amasalaza nkhope yosaoneka bwino, ndipo mnzanga wina anayesa pa chithunzi cha agogo. Panatuluka nkhalamba yokongola, ya maso owala ndi mano oyera, koma sanali agogo anga. Makinawo anapeka zimene sanazione.

Chachiwiri ndi nambala ya 72 kapena 300 imene imalembedwa m'kati mwa fayilo. Ena amaganiza kuti akasintha 72 kukhala 300 ndiye kuti chithunzi chakoma. Nambala imeneyo ndi uthenga chabe wouza makina osindikizira kukula kwa chithunzi pa pepala. Ya 72 inatchuka chifukwa cha kompyuta za Macintosh za m'chaka cha 1984, zimene sikirini yache inali ndi timadontho 72 pa inchi. Chofunika kuyang'ana ndi litali ndi lifupi la chithunzi m'timadontho.

Chachitatu nchakuti foni yolembedwa 48 MP kapena 50 MP imajambula bwino kanai kuposa ya 12 MP. Mafoni ambiri otere amaphatikiza timadontho tinai kukhala kamodzi, ndipo chithunzi chimatuluka cha 12 MP kapena kupitirira pang'ono. Ndiponso timadontho mamiliyoni ambiri sitithandiza ngati galasi la kamera liri ndi mafuta a zala, ngati dzanja linagwedezeka, kapena ngati munajambula mu mdima. Kuchuluka kwa timadontho kumangotiuza malire a kukula, sikulonjeza kukongola.

M'MENE NKHANI YATHU INATHERA

Aphunzitsi atatha kundifotokozera anandifunsa ngati m'nyumba mwathu mulibe chithunzi cha pepala. Ndinakafunsa agogo, ndipo iwo anatsegula sutikesi yao yakale, natulutsa envulopu. M'menemo munali chithunzi chakuda ndi choyera, cha mainchi 3.5 x 5.5, chimene agogo amuna anajambulitsa ali mnyamata, pamene anali ku migodi ya ku South Africa pa ulendo wa Wenela. Iwo sanachitchule poyamba chifukwa anaganiza kuti makina a masiku ano amalandira za pa foni zokha.

Ndinabwerera ku boma ndi ndalama zimene amalume anatumiza. Bambo aja anachiika pa makina okopera otchedwa sikana, nasankha timadontho 600 pa inchi, ndipo panatuluka 2100 x 3300. Nthawi iyi ndinamvera uphungu wao, ndipo tinasindikiza pa A4, pamene timadontho tinali toposa 250 pa inchi. Sichinali chakuthwa monga chaching'ono chija, pakuti sikana siingatulutse zimene pepala liribe, koma nkhope inali yathunthu, ndipo kachipsera ka pa chipumi kanaoneka. Agogo anachigwira ndi manja awiri, nati, "Awa ndiwo amene anandikwatira." Chinaima pa tebulo tsiku la chiliza, ndipo lero chiri pa khoma.

MALANGIZO KWA OTUMIZA ZITHUNZI

Pofuna kuti anzanga musataye ndalama monga ine, ndiponso kuti Akonzi asabvutike, nawa malangizo asanu ndi limodzi.

1. Musanajambule, pukutani galasi la kamera, imani poti kuwala kugwere pa nkhope ya munthu, ndipo fikani pafupi.

2. Onani kuti kamera yanu yaikidwa pa muyeso wache waukulu.

3. Musafufute chithunzi choyambirira. Mukafuna kudula kapena kuchepetsa, chitani zimenezo pa kope lache, ndipo choyambacho muchisunge pa malo awiri, chifukwa foni imabedwa ndipo imagwera m'madzi.

4. Chithunzi chokasindikiza chitumizeni monga Document, kapena chinyamuleni pa fulashi.

5. Tsegulani pamene palembedwa Details kapena Info, werengani timadontho, ndipo gawani ndi 300. Chithunzi cha timu ya mpira chodzaza theka la tsamba, mainchi 7 x 5, chimafuna 2100 x 1500.

6. Choika pa sikirini pokha sichifuna zambiri. Timadontho 1,600 kapena 1,920 m'litali ntokwanira, ndipo mumapulumutsa ndalama za intaneti.

Potsiriza ndikumbutse chinthu chimodzi cha m'mbiri ya dziko lathu. Mungo Murray Chisuse, amene anali wosindikiza mabuku pa Mishoni ya Blantyre, anali mmodzi wa Amalawi oyamba kugwira kamera, ndipo anajambula John Chilembwe ndi banja lache chisanafike chaka cha 1915. Chifukwa chakuti zithunzi za nthawi imeneyo zinajambulidwa mosamala ndi kusungidwa, ife tikudziwa nkhope ya Chilembwe ngakhale papita zaka zoposa 100. Ife timajambula zithunzi zambiri pa sabata imodzi kuposa zimene agogo athu anajambulitsa moyo wao wonse, koma zambiri ziri m'mafoni, zodulidwa ndi zofinyidwa. Pa tchuthi chikudzachi, jambulani agogo anu bwino-bwino pa kuwala kwa m'mawa, sungani choyambiriracho, ndipo chimodzi mukatsukitse pa pepala.

Wophunzira wa Fomu 3